Nenani Kuti Ndili ku Dar

Ku Kawale anthu odziwa kuyankhula alipo ambiri, koma a Levison Namakhwa anali ena. Mawu awo sankafuna chimkuzamawu. Akaima pa geti pawo n'kunena kuti "Mwadzuka bwanji?", oyankha ankakhala anthu a mzere wachitatu wa nyumba, ena ali m'bafa. Ndipo zonena anali nazo, chifukwa mwamuna ameneyu anayenda. Anachoka kwawo ku Thyolo ndi malaya amodzi ndi sipanala yobwereka, nayamba kumasula matayala pa Biwi, ndipo pofika chaka cha 2021 anali ndi shopu ya masipeya a galimoto yoti ukalowamo umasochera pakati pa magiyabokosi. Katundu ankakatenga okha: ku Joni, ku Durban, ku Beira, ku Dubai, koma makamaka ku Dar es Salaam, kumene ankati eni mashopu a mumsika wa Kariakoo amaimirira akangowaona.

Matenda ankawanyoza poyera. "Ine malungo a ku Beira anandigwira m'mawa, pofika madzulo anapepesa okha," ankatero. Kolona atabwera, anthu n'kuyamba kuvala masiki, a Levison ankaseka mpaka kugwira nthiti. "Kachimfine! Munthu wodya nkhanu za pa doko la Dar angagwe ndi kachimfine?"

Kachimfineko kanawadikirira panjira. Munali mu Januwale, mwezi uja mauthenga a maliro ankachita kuthithikana pa foni, ndipo iwo ankachokera ku Dar komweko. Pofika pa Mzuzu thupi linali moto. Nyama yootcha imene anagula pa Jenda inkangokhala ngati akutafuna katoni. Atatsika basi mu Lilongwe, akazi awo, mayi Sofiya, sanawalole n'komwe kununkhiza kunyumba. Anawakweza galimoto mpaka kokayezetsa, ndipo zotsatira zinatuluka monga mmene mayiwo ankaopera. Achipatala anati popeza bamboyo akupuma bwino, akhoza kukadzipatula kunyumba masabata awiri, namwino azidzawaona.

Pobwerera, galimoto itangokhotera mu Kawale, a Levison anagona chafufumimba pampando wakumbuyo n'kudziphimba ndi jekete.

"Mayi a Tisunge, aliyense akafunsa, nenani kuti ndili ku Dar."

"Ku Dar kwake kuti, muli kumbuyo kwangaku?"

"Katundu wachedwa pa doko. Mwamva? Ine sindingasanduke nkhani ya pa bawo. Mnzanga Gwanda akamva kuti kachimfine kandigoneka, adzandiseka mpaka tsiku la maliro anga, ndipo pamalirowo adzapempha kuti ayankhulepo."

"Ndinena," anayankha mayi Sofiya. "Koma bodza limeneli ndi mtolo wanu, musadzanditule ine."

Kuseri kwa nyumba yawo kunali kanyumba ka chipinda chimodzi, komangidwa mogundana ndi mpanda. Mayi Sofiya anasesamo, n'kuikamo bedi, ndowa, mpando ndi mbale zakezake. Munali mwabwino. A Levison anagonapo pansi pa lole pa Tunduma mvula ikugwa, choncho chipinda cha malata osadontha chinali hotela kwa iwo.

Chimene anaiwala ndi zenera. Zenera la kanyumbako linkayang'ana kanjira ka kuseri, ndipo tsidya la kanjirako, ukangodumpha ngalande, panali mtengo wa mango ndi shedi ya a Gwanda. A Gwanda anali kalipentala, mnzawo wa a Levison kuyambira masiku a sipanala yobwereka aja. Pansi pa mango amenewo m'pamene madoda a mderali ankasewera bawo dzuwa likapendeka, ndipo a Levison anali ndi mpando wawowawo pamenepo, mpando wa chikopa umene anazula mu Benzi yakale n'kuuikira miyendo ya thabwa.

Tsono taganizani. Munthu amene ali ku Dar sangatsokomole ku Kawale. Chifuwa chikabwera, a Levison ankakwirira nkhope mu pilo mpaka maso kufiira. Munthu amene ali ku Dar sangatsegule wailesi, sangakokere mpando, sangaitane mkazi wake kuti madzi atha. Foni anaitsekera kulira. Madzulo ena anaona ikuwala, dzina la a Gwanda lili pamenepo, ndipo kunja anamva a Gwanda omwewo akuti, "Sakuyankha. Mwina ali m'sitima." Kuyankha sikukanatheka. Mawu awo akanafika pamangopo asanadutse n'komwe mu foni.

Mwamuna amene moyo wake wonse unali pakamwa anayamba kukhala ngati mbewa ya m'nkhokwe. Zoti azichita zinasowa. Anayesa kuyenda m'chipindamo, koma nsapato zinkalira. Anayesa kuwerenga Baibulo, maso n'kumathawira ku foni. Ndipo mu fonimo munalibe china koma zithunzi za anthu omwalira: dalaivala wina amene ankadya naye chipisi pa Songwe, abusa ena a ku Area 25, mayi wogulitsa matayala pa Biwi. Akazimitsa foniyo ankagona chagada n'kumamvetsera mtima wawo ukugunda ngati injini yotha mabering'i. Tulo tinathawa. Chakudya ankangochigwedeza ndi supuni.

Namwino amene ankabwera anali mayi Edna, mayi wamfupi wosakonda nthabwala, wovala masiki awiri. Anawayeza kutentha, anawapanitsa kachipangizo pachala, kenako anawakulunga lamba pamkono n'kuyamba kupopa. Anayang'ana, napopanso.

"Abambo, kolona wanu akubwerera m'mbuyo. Mpweya uli bwino. Koma bipi yakwera kwambiri. Mumagona?"

"Ngati mwana," ananong'oneza a Levison.

"Sagona," anatero mayi Sofiya ali chapatali pabwalo. "Sadyanso."

"N'chifukwa chiyani mukunong'ona? Pakhosi pakupweteka?"

"Ali ku Dar," anayankha mayi Sofiya.

Mayi Edna anayang'ana mkazi, anayang'ana mwamuna. Anasiya mapilitsi pampando. "Imwani awa. Koma mapilitsi okha sangachotse nkhawa. Ndikadzabweranso n'kupeza zili chomwechi, sinditsutsana nanu, ndikutengani mukagone ku matenti a kuchipatala chachikulu, kumene angakuoneni usana ndi usiku."

"Ku matenti?" Apa kunong'ona kunatsala pang'ono kuiwalika. "Amayi, kumene kuja anthu amalowera khomo lina n'kutulukira lina."

"Ambiri amatulukira lomwe analowera, akuyenda okha. Koma ngati simukufunako, tsitsani bipiyo."

Kuyambira pamenepo a Levison anali ndi chinthu chimodzi m'mutu: asapite ku matenti. Ndipo mmene ankachiganizira, m'pamenenso mtima unkathamangira. Mayi Sofiya anachita zonse zimene mkazi wanzeru angachite. Foni analanda, n'kumaibweza pang'ono m'mawa kuti bambo amve za ku shopu. Anawiritsa masamba a bulugamu kuti azifukiza atafunda bulangete. Anafinya mandimu, anasinja jinja ndi adyo mpaka nyumba yonse kumanunkha ngati msika wa Kaliyeka. Madzulo ankakhala pampando pakati pa bwalo n'kumawasimbira za Tisunge, mwana wawo wa ku Mzuzu, koma monong'ona, moti theka la nkhani linkapita ndi mphepo.

Chimene chinkawapweteka kwambiri a Levison sanachinene, poti chinali chochititsa manyazi. Palibe amene ankabwera kudzawazonda. Iwo amene sankaphonya matenda a munthu mu Kawale yense! Wina akangogona, a Levison ankakhala oyamba kufika, nthochi m'manja, nthabwala pakamwa, mpaka wodwalayo kuseka diripi ili pamkono. Lero iwo agona, pakhomo pali zii ngati pa nyumba ya mfiti. Ankadziwa bwinobwino kuti anatseka okha chitseko chimenecho, komabe mtima sumva zimenezo. Unkangowawa basi.

Ndiye dzuwa likapendeka ankakwawira pazenera, n'kupatula katani pang'ono ndi chala chimodzi.

Madoda ankakhala alipo. A Gwanda ndi pensulo yawo kukhutu. A Adamu, telala, masiki ali pachibwano ngati ndevu. Ndi a Laws Mhango, mphunzitsi wopuma wochokera ku Rumphi, mkulu wa mpingo, munthu wovala tayi ngakhale popita kukagula makala. Nkhomo zinkagwera m'maenje a thabwa la bawo, khwa, khwa, khwa, ndipo phokoso limenelo linkawalowa a Levison m'mafupa.

"Pano pazizira," anatero a Adamu tsiku lina. "Bodza lasowa."

"Musadandaule, likubwera pa lole," anayankha a Gwanda mokweza. Kenako anatukumula chifuwa n'kukulitsa mawu. "Ine ku Dubai, achimwene, ndinakwera nyumba yaitali mpaka ndinaweramira ndege!"

Onse anafa nacho chiseko. Kuseri kwa katani a Levison analuma mlomo. Sanati anaweramira ndege. Anati ndege inadutsa chapafupi. Zimenezo n'zosiyana.

Tsiku lotsatira kunacha ndi mvula, koma masana kunayera, ndipo atasuzumira anaona zimene maso awo sanayembekezere. A Laws Mhango anali atakhala pampando wa Benzi. Atakhala ndithu, mwendo pamwamba pa unzake, akusewera ndi a Gwanda.

Tsono a Mhango anali munthu wabwino, wopemphera, wodziwa Chingerezi cha m'mabuku, koma bawo sanabadwe nayo. Ankawerenga nkhomo ndi chala ngati akuphunzitsa sitandade wanu. Thabwalo linali poonekera, ndipo a Levison ankaona dzenje lililonse. Anaona a Mhango akusiya nkhomo zodyeka kawiri konse. Anaona a Gwanda akusiya mzere wawo wakutsogolo uli pambalambanda, mulu wa nkhomo uli kumanzere ukungopempha kuti wina audye, kudya kwake koti masewera akanathera pomwepo. Mwana wa sukulu ya mkaka akanaona. Koma dzanja la a Mhango linadutsa pamenepo, linazengereza m'mwamba, n'kuyamba kutsikira pa nyumba, dzenje lalikulu lija limene wosewera wanzeru amalisunga mpaka nthawi yake.

A Levison anagwira zitsulo za zenera. Thukuta linatsika. Dzanja la a Mhango linafika pa nyumba.

"MUSAKHUDZE NYUMBAYO! Idyani kumanzere, a Mhango! Kumanzere, inu!"

Mbalame zinabalalika mumtengo wa mango. Galu wa pa nyumba yachitatu anauwa. Ndipo chifuwa chonse chimene chinakwiriridwa mu pilo masiku onse aja chinatuluka nthawi imodzi, chokhala ngati lole ikulizidwa m'mawa wa Juni.

A Adamu anakokera masiki mpaka m'maso n'kubwerera m'mbuyo ndi benchi lomwe. A Mhango anaimirira pampando wa Benzi ngati wawatentha. A Gwanda okha sanatembenuke n'komwe. Anachotsa pensulo kukhutu, naiyang'ana, naibwezera.

"Dar yayandikira masiku ano," anatero. "Kale tinkayenda masiku."

Mayi Sofiya anatulukira pa kageti ka kuseri akupukuta manja, ndipo ataona katani ili yotsegula, nkhope ya amuna awo ili pa zitsulo ngati mkaidi, anangoti, "Mwafika bwanji, bambo a Tisunge? Katundu watuluka pa doko?"

A Levison anasiya kugwira zitsulo zija. Anakweza masiki. "Ndi kolona," anatero pomaliza. "Kachimfine kaja. Sekani."

Palibe anaseka. A Gwanda anatembenuka tsopano, ndipo nkhope yawo sinali ya nthabwala.

"Achimwene, mumationa ngati ana? Munthu ali ku Dar, malaya ake aakulu ngati tenti aja akuyanikidwa pachingwe tsiku ndi tsiku? Bulugamu akununkha mpaka m'shedi mwanga? Alamu anga akulowa kuseri ndi mbale yovundikira, amadyetsa mizimu? Tinadziwa kalekale."

"Nanga osabwera bwanji?" Funsolo linatuluka lokha, ndipo linatuluka ndi mawu a mwana.

"Tibwere bwanji? Eni nyumba anena kuti muli ku Dar. Ine ndigogode ndi nthochi, ndiye kuti ndikunena kuti alamu anga ndi abodza. Wodwala amazondedwa uthenga ukaperekedwa. Inu uthengawo munaukhalira." A Gwanda analoza ndi pensulo. "Mayi a kunyumba kwanga atagona m'chipatala chaka chija, ankabwera ndi fulasiki ya tiyi m'mawa uliwonse ndani? Si inu? Ndiye inu mudwale, n'kutimana? Mwatilakwira, a Namakhwa. Munthu sadya yekha matenda ngati kanyenya."

"Ndinkaopa kuti mundiseka."

"Kuseka ndiye tikusekani, zimenezo musakayike. Mpaka Khirisimasi. Koma tikanayamba takuzondani." Apa kumwetulira kunabwerera. "Ndiye ndinati, njoka imeneyi ituluka bwanji kuuna? Ndinati ndikhazike a Mhango pampando wake, ndiwatsegulire mzere wonse, tione ngati munthu wa ku Dar angapirire."

"Pepani, a Gwanda," anatero a Mhango akukonza tayi. "Ine ndimasewera ndi mtima wanga wonse."

"N'chifukwa chake ndinasankha inu, adada."

Chiseko chimene chinatuluka pazenera paja chinamveka mpaka kumsewu wa tala. Chinathera m'chifuwa, koma chinali chiseko, choyamba chibwerere ku Dar.

Mayi Sofiya sanataye nthawi. Anaima pakati pa kanjira manja m'chiuno n'kuika malamulo. Ngalande ndiyo malire, wodumpha ngalande asadzabwerenso. Masiki akhale pamphuno, osati pachibwano, ndipo ponena zimenezi anayang'ana a Adamu. Mabenchi atalikirane. Chigubu cha madzi ndi sopo chikhale patsinde la mango. Wobweretsa kanthu asiye pamwamba pa mpanda.

"Nanga bawo?" anafunsa a Levison.

"Manja anu ndi a Mhango," anagamula a Gwanda. "Inu muzinena muli pomwepo, iwo azigwira nkhomo. Mwina aphunzirapo kanthu asanakalambe kwenikweni."

Zinayenda choncho. A Gwanda anasendeza thabwa kuti lionekere bwino pazenera, a Levison anakokera mpando, mokweza ndithu, kuti miyendo yake ilire, ndipo masewera anayamba. "Dzenje lachitatu, a Mhango! Lachitatu kuchokera kwa inu, osati kwa Yesu! Pitani kumanja. Gonani pomwepo!" A Mhango ankatola nkhomo mwaulemu ngati akutola chopereka, n'kumadandaula kuti pa zaka zawo zonse za uphunzitsi sanakalipiridwepo chonchi. Madzulo amenewo a Levison anapempha chakudya chowonjezera, ndipo m'mawa mwake mayi Sofiya anachita kugogoda katatu kuti adzuke.

Uthenga utangoperekedwa, Kawale anachita zimene Kawale amadziwa. Anthu ankabwera awiriawiri, n'kuima tsidya la ngalande. "Odwala, mwadzuka bwanji?" Ndipo odwalawo ankayankha ndi mawu oti wathanzi achite nsanje. Amayi a mvano anabwera ndi yunifolomu yawo, naimba ndime imodzi atatalikirana ngati mitengo ya magetsi. Amakaniko a ku Biwi anabwera ndi ovolosi zamafuta kudzanena kuti shopu ili bwino ndipo palibe chasowa kupatula phokoso. Pamwamba pa mpanda panadzaza nthochi, chinangwa, mabotolo a thobwa, ndi mandimu ochuluka moti mayi Sofiya anayamba kugawira anthu omwe ankabweretsawo. Aliyense wobwera ankamva mbiri ya matendawo kuyambira pa Mzuzu, ndipo mbiriyo inkakula. Pofika kwa amayi a mvano, kolona wake anali wa mtundu wapadera, wochokera m'sitima ya ku China, woti akanagwira munthu wamba akanamupinda pawiri.

Foni sankaifunsanso kawirikawiri. Mauthenga a maliro sanasiye kubwera, ndipo tsiku lina anamva kuti kasitomala wawo wakale wa ku Area 23 wapita. Analira, koma analira pazenera, a Gwanda ali tsidya la ngalande chipewa chili m'manja, ndipo atatha anakumbutsana mmene malemuyo ankanenerera mtengo wa buleki ngati akugula tomato.

Mayi Edna anabwera masana ena masewera ali pakati. Anaima pakhomo la kanyumbako ndi chikwama chawo, n'kumvetsera munthu amene anamusiya akunong'ona akukuwa kuti a Mhango ali ndi zala za phala.

"Ndiye mwabwerako ku Dar?"

"Dzana, amayi. Ulendo unali wovuta."

"Khalani pansi. Tsekani pakamwa. Dzanja."

Kutseka pakamwako ndiye kunali kovuta, koma anatseka. Lamba anafufuma pamkono. Kunja nkhomo zinaleka kulira. Mayi Sofiya anaima pakati pa bwalo atagwira chitenje pakamwa. A Levison anayang'ana kudenga, n'kuona matenti oyera aja ali ndandanda m'maganizo mwawo, ndipo anamva mtima ukuyamba kuthamanga. Kenako kunja kunamveka mawu a a Gwanda, otsika koma omveka: "A Mhango, bwezani nkhomo imene mwaponda ndi nsapatoyo, Mulungu akuona." A Levison anapumira m'mwamba n'kumwetulira m'kati mwa masiki.

Mpweya unatuluka mu lamba, fwii. Mayi Edna anayang'ana, ndipo ulendo uno sanapopenso kachiwiri.

"Yatsika. Sinafike pamene ndikufuna, mapilitsi musasiye. Koma ku matenti kulibe malo a anthu aphokoso chonchi. Mumalizira konkuno."

Mayi Sofiya anaomba m'manja kamodzi n'kukhala pansi pomwepo. A Levison anali kale pazenera.

"Mwamva, a Gwanda? Dokotala wanena kuti mtima wanga ndi wa mnyamata! Akuti sanaonepo wotere chiyambire ntchito!"

"Sindinanene zimenezo," anatero mayi Edna akutseka chikwama. Anasuzumira pazenera. "Abambo inu a pensulo, wodwala wangayu asamakwiye. Muzimulola apambaneko nthawi zina."

"Ndimulole?" A Gwanda anatola nkhomo m'dzenje lawo, nayamba kuzigwetsa imodziimodzi, akudya mzere wonse wa kutsogolo kwa a Mhango mpaka mbali imeneyo kuyera ngati mbale yotsuka. "Amayi, ameneyu mukamulola kamodzi, mawa auza Kawale yense kuti anandigonjetsa ali ku Dar."

A Levison anayang'ana thabwa lopanda kanthu lija, anayang'ana a Mhango amene ankapepesa ndi manja onse awiri, ndipo anaseka mpaka zitsulo za zenera kunjenjemera.

"Yalani zina!" anakuwa. "Ndipo a Mhango, mpando umenewo muukhalire bwino. Mwini wake akubwera."